Inshuwaransi ya M'chitini

6 Januwale

Mlongo wanga Singano,

Ndikhulupirira muli bwino nonse, iwe, alamu anga ndi Bambo. Ine kuno ndili gwa, lumo likuyenda, mitu ikubwera. Undiuze za kumeneko, chifukwa kalata yako yomaliza inali yaifupi ngati ya munthu wokwiya.

Chimene ndalembera ndi ichi. Ndamva kuti akalaliki a boma ayamba kuyenda khomo ndi khomo kulemba anthu pa inshuwaransi yawo yatsopano ya zaumoyo. Ati aliyense akhale ndi khadi, azipereka kangachepe mwezi ndi mwezi, akadwala boma lizimulipirira. Akafika pakhomo panu muwapatse madzi akumwa, kenako muwaonetse njira. Musasaine kanthu. Ndikunena ine mkulu wako, amene ndagwira mitu ya anthu zaka makumi awiri ndi mphambu, ndipo ndikudziwa zimene zimakhala m'katimo.

Tamvera. Kutsogolo kwa shopu yanga kuli dzenje pamsewu. Linayamba ngati mbale, lero mukukhala achule ndi ana awo. A boma abwera katatu kudzaliyeza ndi tepi, n'kubwerera. Ndiye boma lomwelo, lolephera kutseka dzenje loonekera kwa aliyense, ukalipatse dzenje la m'dzino lako?

China. Munthu amasankha yekha womumeta. Tsidya la msewu kuli wometa mnzanga, ndipo ndikameta moipa kasitomala amangowoloka. N'chifukwa chake ndimanola lumo m'mawa uliwonse. Tsiku limene boma lidzati anthu onse a msewu uno azimetedwa ndi ine, afune asafune, ndidzanoleranji lumo? Dokotala nayenso ndi munthu, ali ndi lumo lake.

Komanso zaulere kulibe, mlongo wanga. Iwe sumwa, susuta, umagona nthawi yabwino. Udzakhala ukupalasa makina ako osokera tsiku lonse kuti ulipirire chiwindi cha munthu amene anachimiza yekha m'botolo. Ndipo matenda ako onse, ngakhale amanyazi, adzalembedwa m'faelo, kalaliki azidzawawerenga akudya nthochi.

Umboni woti boma silingasamale munthu ndikuuona pompano. Kuyambira chaka chatha achepetsa magetsi osatiuza. Ndagula mababu atatu, koma m'shopu muno mukungokhala ngati muli utsi. Ngakhale panja masana kumachita nkhungu, ndipo palibe nduna imene yanenapo kanthu.

Ndiye ndaganiza chonchi. Tiyambitse inshuwaransi yathuyathu ya pabanja. Aliyense aziponya kangachepe m'chitini, wodwala azitapamo. Ine ndikhala wapampando, iwe mlembi ndi msungichuma. Undiyankhe msanga, koma ulembe zilembo zikuluzikulu. Mapeni a masiku ano inki yake ndi madzi okhaokha.

Ine mkulu wako,
Lumo

21 Januwale

Achimwene,

Tili bwino, kaya inu. Kalata yanu yafika, ndipo taiwerenga anthu atatu mothandizana. Mizere ina inakwerana, ina inatsetsereka n'kutuluka pa pepala. Tsamba lachiwiri munalemba kuseri kwa lisiti la mababu aja. Pa envelopu munamata masitampa awiri, imodzi mwa iyo ndi kapepala ka pa botolo la mafuta a tsitsi. Wa positi anaseka mpaka kukhala pansi.

Kodi maso ali bwanji, achimwene? Ndangofunsa. Kuno magetsi akuwala monga kale, ndipo nkhungu sitinaione.

Akalaliki aja anafikadi. Anali awiri, wina wonyamula mafomu, wina wonyamula ambulera ya wonyamula mafomu. Alamu anu anawawerengera kalata yanu mokweza, ndime ya dzenje ija. Wa ambulera anati dzenjelo si la ofesi yawo.

Za chitini takambirana usana wonse, ndipo tonse tavomera. Bambo ndi amene anayamba kuvomera, ati mutu umodzi susenza denga. Ndakhuthula mabatani m'chitini changa chachikulu chija, ndaboola chivindikiro, ndamata ndi tepi. Chili pa shelefu pamwamba pa makina, kuseri kwa nsalu za mayunifomu. Aliyense waponya yake, inunso muzitumiza yanu osadumphitsa.

Nkhani za kuno ndi zomwezija. Alamu anu akadali pa ntchito yawo yolondera sitolo ya matayala, ndipo palibe tayala limene labedwa kupatula la njinga yawo. Bambo akudandaula bondo lakumanzere, makamaka pokwera masitepe a pakhonde.

Titumizireni malamulo, a wapampando.

Mlongo wanu,
Singano

9 Febuluwale

Singano,

Ndalandira kalata yako, ndipo zilembo zako zikadali ngati nyerere. Maso anga ali bwino kwambiri. Munthu wa maso oipa angamete mkulu wa kwaya Loweruka lililonse? N'zoona kuti sabata yatha ndinamuchotsa nsidze imodzi, koma anagwedezeka yekha, anali akuyeseza nyimbo pampando. Ndinachotsanso inayo kuti zifanane, ndipo sindinamulipiritse za nsidzezo.

Nawa malamulo a chitini chathu. Uwakhome pa khoma.

Loyamba. Wodwala alembe pempho ndi dzanja lake, m'makope awiri.

Lachiwiri. Pempho likhale ndi mboni imene inaona matendawo akulowa.

Lachitatu. Matenda amene munthu anali nawo chitini chisanayambe salipiridwa. Sungagule ambulera utanyowa kale n'kumati wa sitolo akuumitse.

Lachinayi. Chimfine, kutopa ndi matenda onse oyamba Lolemba m'mawa salipiridwa.

Lachisanu. Lamulo silisintha, ngakhale wapampando alire.

Uone kusiyana kwake ndi boma. Iwo ali ndi nyumba zosanja, magalimoto, akalaliki ndi onyamula maambulera, onsewo akudya ndalama ya wodwala asanaione n'komwe. Ife tili ndi chitini ndi tepi. Dzulo kasitomala wina amandiuza kuti anapita ndi khadi lake kuchipatala cha boma ali ndi chithupsa. Anamupatsa nambala, anamutumiza pa windo lachitatu, windo lachitatu linamutumiza pa lachisanu, lachisanu linali pa tiyi. Mmene amafika kwa dokotala chithupsa chinali chitaphulika chokha, ndipo anamuuza kuti abwerere akasinthe fomu chifukwa matenda asintha.

Ndalemba chikwangwani chachikulu ndi penti yofiira, ndachikhoma pakhomo pa shopu: BOMA LICHOKE M'THUPI MWANGA. Anthu akumaima n'kumachiyang'ana nthawi yaitali, ena mpaka kupendeketsa mutu. Uthenga ukulowa.

Wapampando,
Lumo

2 Malichi

Kwa a Wapampando, alamu anga olemekezeka,

Moni wochuluka. Ine mwamuna wa mlongo wanu, mlonda, membala wokhulupirika wa chitini, ndabwera ndi mapempho atatu. Makope ndi awiri monga mwa lamulo, koma lachiwirilo ana analembapo masamu kuseri.

Loyamba ndi mkonono. Ndikamagona ndimaliza mkonono woti abwana anga ku sitolo anaumva ali pa foni. Izi zikuika ntchito yanga pa ngozi. Mboni ndi mlongo wanu ndi nyumba zitatu zoyandikana nafe.

Lachiwiri ndi dazi. Layamba pakati ndipo likufalikira mbali zonse. Inu monga katswiri wa mitu mukudziwa kuwawa kwake. Dzuwa likandiomba pamenepo ndimaiwala zimene mkazi wanga wandituma.

Lachitatu, ndinalumidwa ndi bakha wa aneba pa katumba. Sindinamuyambe. Ndinangomuyang'ana. Mboni ndi bakhayo, koma wakana kusaina.

Apongozi anga, Bambo anu, nawonso alemba kapepala ka bondo lawo, ndakaika momwemu.

Ndikuyembekezera chifundo chanu.

Mlamu wanu,
Mlonda

20 Malichi

Kwa Mlembi,

Ndalandira mapempho. Wosoka nsapato wa pakhonde la shopu yanga ndi amene wandiwerengera, osati chifukwa cha maso, koma kuti pakhale mboni.

Mkonono wakanidwa. Ndinaumva ndekha tsiku lotsatira ukwati wanu, alamu atagona pa mpando masanasana. Ndi matenda akale, Lamulo Lachitatu. Ndiponso mlonda wodandaula kuti mkonono ukumuonongera ntchito wadziulula yekha.

Dazi lakanidwa. Dazi si matenda, ndi kusamuka kwa tsitsi.

Bakha wakanidwa. Bakha alibe mano.

Ukuona tsopano zimene ndimanena? Tili anthu anayi okha, koma chitini chitangomveka kulira, munthu wathanzi ngati ng'ombe wadwala matenda atatu mwezi umodzi. Nanga dziko lonse likamva kuti kuli chitini cha boma? Aliyense woyetsemula adzathamangira kuchipatala, ndipo wodwala weniweni adzafera kumapeto kwa mzere. Ife tapulumuka chifukwa wapampando amawadziwa alamu ake. Boma silidziwa mlamu wa munthu.

Za bondo la Bambo zandivuta, ndisaname. Ndakhala nako kapepalako masiku atatu m'thumba. Koma iwe wemwe unalemba m'kalata ya Januwale kuti akudandaula bondo, malamulo asanafike. Ndikawalola Bambo, mawa alamu abwera ndi bakha wina. Lakanidwa. Uwagulire mafuta otikitira, ndalama yake ndaika padera, si ya m'chitini.

Ntchito yachepako masiku ano. Anthu akuwolokera tsidya lija. Ndikuganiza kuti akuopa chikwangwani, boma lawaopseza.

Wapampando

30 Meyi

Achimwene,

Ino ndi kalata yachitatu osayankhidwa. Mwakwiya? Ngati ndi nkhani ya bakha, alamu anu apepesa, ndipo bakhayo anadyedwa pa Isitala ya aneba, mlandu unatha.

Chopereka chanu cha Epulo chinafika, koma m'envelopu munalibe kalata, munali chitsanzo cha mametedwe chong'ambidwa pa khoma. Cha Meyi sichinafike. Bambo akumakhala pakhonde kudikira wa positi, akamuona akudutsa osaima amalowa m'nyumba.

Mtima wanga suli m'malo, achimwene. Dzulo ndasokerera mkono wa malaya a mwini wake pa khosi. Lembani ngakhale mzere umodzi, ngakhale wotukwana boma.

Singano

14 Juni

Mlongo wanga,

Usadabwe ndi dzanja ili. Akulemba ndi Wosoka Nsapato, ine ndikungoyankhula. Ndamuuza kuti alembe zokhazo zimene ndikunena. (Ndikulemba zonse, mayi, ndi zina zimene akubisa. Ine Wosoka Nsapato.)

Moni nonse. Ndinachedwa kuyankha chifukwa cha kutanganidwa. (Palibe kasitomala walowa muno masabata atatu.) Panachitika kangozi kakang'ono. Kunabwera mkwati ndi bambo ake tsiku loti mawa ukwati. Mkwati amafuna kungosalaza m'mbali, bambo ake amafuna mpala. Anasinthana mipando ine nditatembenuka kukatenga chipeso. (Sanasinthane.) Mkwati anakwatira atavala chipewa, ndipo nkhani inafalikira msewu wonse.

Tsiku lotsatira ndinagwa m'dzenje la boma lija. Ichi chokha ndiye si cholakwa changa. Anthu anandivuula, ndipo Wosoka Nsapato anandikokera ku chipatala cholipira, kwa dokotala wa maso amene ndinasankha ndekha monga mfulu. (Ndinasankha ndine. Iwo amaloza chitseko cha chimbudzi.)

Singano, dokotala akuti ndi ng'ala, maso onse awiri. Akuti boma silinachepetse magetsi. Ndinamufunsa kawiri. Akuti akhoza kuchotsa ndi opaleshoni, diso limodzi kaye, ndipo ndikhoza kumetanso ngati kale. Koma mtengo wake atautchula ndinamva bwinobwino, makutu alibe ng'ala.

Ndikapanda kuchita opaleshoniyi shopu itsekedwa. Ine sindidziwa ntchito ina. Manja anga akudziwa mutu wa munthu ngati njira ya kwawo, koma akufuna wowatsogolera. Ndili ndi mantha, mlongo wanga, ndanena.

Choncho ndikupereka pempho ku chitini. Ndikudziwa kuti Lamulo Loyamba likuti dzanja langa, koma ndagwira chigongono cha wolembayu, ndiye dzanja langa lilipo. Mboni ndi mkwati uja. Matendawa ndi atsopano, andigwera mwadzidzidzi mwezi uno.

Mkulu wako,
Lumo

(Mayi, akudya kamodzi patsiku. Musawauze kuti ndanena.)

28 Juni

Kwa Membala Lumo,

Pempho lanu lafika ku ofesi ya mlembi, pamwamba pa makina osokera. Kope ndi limodzi, koma tazilekerera.

Komiti inakhala pansi, ine, alamu anu ndi Bambo. Alamu anu anapempha kuti awerenge okha umboni, ndipo anaimirira, anavala jekete. Umboniwo ndi kalata yanu ya pa 6 Januwale, imene ikuti: "Kuyambira chaka chatha achepetsa magetsi osatiuza." Ikutinso mababu atatu, utsi ndi nkhungu. Alamu anu akuti ng'ala imeneyi ndi yaikulu kuposa chitini ndi miyezi ingapo. Lamulo Lachitatu. Anawerenganso za ambulera ija, kawiri, mokoma ngati ndakatulo.

Ndinati tisinthe lamulo. Alamu anu analoza pa khoma, Lamulo Lachisanu, ndipo anafunsa ngati wapampando walira. Akuti ngakhale atalira sizithandiza.

Ndinapitanso ku ofesi ya khadi la boma kukafunsa, musandikalipire. Akuti mukhoza kulembetsa, opaleshoni ya ng'ala ilipo, simulipira kanthu. Tsiku lake ndi Okutobala. Ndinasangalala, kenako kalaliki anati Okutobala wa chaka chamawa. Pamenepo ndinakukumbukirani, achimwene, ndipo ndinatsala pang'ono kumufunsa za dzenje.

Bambo akuti akulemberani okha. Pakali pano idyani, ndamva.

Mlembi

9 Julaye

Singano,

Komiti yaweruza bwino. Ndikanakhala ine ndikanakananso. Uwauze alamu kuti jekete silinali lofunika.

Khadi la boma sindilifuna. Chaka ndi miyezi itatu ndili mu utsi, pofika Okutobala ameneyo ndidzakhala nditameta msewu wonse makutu. Ndaganiza zogulitsa mpando wometera, galasi lalikulu ndi makina. Zikakwana, ndichita opaleshoni. (Ndawafunsa kuti akaona adzametera chiyani, pa chiyani. Ati ndipitirize kulemba.) Wometa wa tsidya lija wabwera kale kudzauona mpando. Anaukhalira, anauzunguza, anati ukulira. Mpando umene uja sunalirepo chiugulireni.

Chitini mupitirize. Dzina langa mulifufute, ndisakhale mtolo.

Lumo

(Atatha kunena izi anapukuta galasi lija nthawi yaitali, mayi. Amapukuta kalendala.)

18 Julaye

Mwana wanga,

Ndine bambo ako. Sindilemba kawirikawiri, ndiye umvetsere. Uwauze akuwerengerawo awerenge pang'onopang'ono.

Mpando usagulitse. Wometa uja akabweranso umuuze akazunguze wake.

Kalata yako ya Januwale itafika, mlongo wako anangoona mizere n'kuyamba kulira. Amayi ako anayamba chimodzimodzi, kudandaula kuti nyali zachepa mphamvu. Tonse tinadziwa tsiku lomwelo. Tinadziwanso kuti tikakuuza upite kuchipatala udzatiyankha ndi masamba asanu onena za boma, ndipo tikakutumizira ndalama udzaibweza ndi malangizo pamwamba. Unabadwa choncho. Uli mwana unkakana kunyamulidwa powoloka ngalande, unkasankha kugweramo wekha.

Ndiye pamene unatchula chitini tinati Mulungu watipatsa njira. Chitini chimenechi chinali cha maso ako kuyambira tsiku loyamba. Mlongo wako wakhala akuponyamo za mayunifomu onse a chaka chino. Mlamu wako anagulitsa njinga, tayala limodzi lomwelo. Ine ndaponyamo za penshoni. Mapempho aja tinkapeka tili pakhonde, kuti ukhale ndi chokana, uzimva kuti ndiwe wapampando, usaleke kutumiza yako. Bakha anamulumadi mlamu wako, koma anachita kumuputa dala kuti pempho likhale ndi chilonda. Tinkadziwa kuti sudzalola ngakhale limodzi. Msungichuma wabwino kuposa munthu wouma mutu kulibe.

Kukukana kwa mwezi watha kunali kwa mlamu wako. Anapempha kuti amveko kukoma kamodzi kokha, chifukwa cha dazi lija. Tinamulola, koma sitinaganize kuti ufika pogulitsa mpando. Pamenepo tinalakwa, utikhululukire.

Za malamulo ako, palibe limene lasweka. Chitini sichikulipira matenda. Mamembala atatu atuluka m'bungwe, atenga zawo, ndipo akupatsa m'bale wawo. Ukapeza lamulo loletsa zimenezo undionetse.

Tatsegula dzulo. Zakwana diso limodzi. Ndibwera nazo ndekha Lachisanu pa basi ya m'mawa, ndipo ndikhala nawe mpaka uchire. Za bondo langa usadandaule, nalonso linali sewero.

Bambo ako

25 Sepitembala

Mlongo wanga Singano,

Taona zilembo izi. Zing'onozing'ono, zoongoka, dzanja langa. Moni kwa iwe ndi kwa alamu anga, uwauze kuti akabwera ndidzawameta ulere mbali zimene zatsala.

Diso lakumanja likuona. Tsiku limene anachotsa bandeji ndinaona zinthu zambiri zimene sindinazifune. Shopu yanga ndi yakuda. Mababu ndi asanu ndi awiri, onse akuyaka, m'kati mukutentha ngati mu uvuni. Chikwangwani chija ndinachikhoma chozondoka, miyezi isanu ndi iwiri, n'chifukwa chake anthu ankapendeketsa mitu. Wosoka Nsapato ndi wamfupi kuposa mmene ndinkaganizira. Mkulu wa kwaya wabwerera, nsidze zinamera, ndipo wabweretsa anzake awiri. Mpando uli pamalo pake.

Koma pali china chimene ndinaona, ndipo ndakwiya nanu nonse. Tikutuluka m'chipatala muja Bambo anali patsogolo, ine pambuyo. Masiku onse aja ankandigwira dzanja ponditsogolera, ine ndinkaganiza kuti akuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha ine. Singano, Bambo akutsimphina. Pa masitepe atatu a pachipata anaima kawiri, atagwira khoma, akuluma mlomo. Bondo lija ndi lotupa ngati mpira. Silinali sewero. Pa mapempho onse aja loona linali limodzi, ndipo ine ndinalikana ndi mafuta otikitira.

Madzulo ake ndikupachika jekete lawo munagwa khadi. Khadi la boma, chithunzi chawo, atavala tayi. Analembetsa mwakachetechete mu Malichi, nditangowakana, kuti bondo lisadye za m'chitini. Kuseri kwake kuli kapepala ka nambala ya mzere wa dokotala wa mafupa, kuchipatala chachikulu cha konkuno. Nditawafunsa anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo anapitiriza kumwa tiyi. Ndinalowa m'shopu, ndinatseka chitseko, ndinalira ndi maso onse awiri, labwino ndi loipa lomwe. Lamulo Lachisanu likhoza kuseka.

Usaganize kuti ndasintha maganizo. Zonse ndinanena zija n'zoona, ndipo tsopano ndili ndi umboni woona ndi diso. Faelo ya Bambo yasowa kawiri. Windo lachisanu limakhaladi pa tiyi. Ukafika mochedwa nambala yako imafa, uyambirenso mawa. Munthu wa bondo lotupa amayenera kuima maola anayi kuti akauze dokotala kuti sangathe kuima. Chokhacho chimene ndawonjezera pa mfundo zanga n'chakuti wapampando wa chitini nayenso akhoza kukhala boma, ngakhale alibe galimoto.

Ndiye ndikukulembera ndili pa mzere. M'mawa uliwonse ndimabwera ndi khadi la Bambo kudzawaimira, iwo amakhala pa benchi pansi pa mtengo, ndikayandikira windo ndimawakodola. Shopu ndimatsegula masana. Ndimabwera ndi sizasi ndi chipeso m'thumba, chifukwa anthu a pa mzere tsitsi limawakulira pomwepa, ndipo sangathawe ndikamawafotokozera za kuipa kwa boma. Dzulo ndameta asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo mlonda wa pachipata. Kalaliki wa windo lachitatu wandifunsa ngati ndimasalaza ndevu. Ndamuuza kuti faelo ya Bambo ikapezeka tidzakambirana, ndipo lero m'mawa yapezeka.

Chitini umatenso tepi. Ndalama zonse zometera pa mzere ndizitumiza kumeneko. Mzere ukatitopetsa, kapena akatiuza za Okutobala wina, tidzawatengera Bambo kolipira. Diso lakumanzere lidikire, lazolowera utsi. Malamulo aja uwachotse pa khoma, uyatsire mbaula ya simbi yako.

Ndiime pano, mzere wasuntha. Bambo akundikodola kuti ndisayankhule ndi wakutsogoloyu, ati ndimutopetsa asanaonane ndi dokotala. Patsogolo panga patsala anthu makumi anayi ndi atatu. Ndawawerenga ndekha, mmodzimmodzi, mpaka pa windo.

Mkulu wako,
Lumo